Kodi kukwera mtengo kwa masheya ndi kumene kumagwetsa chuma cha dziko?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zimene ndimalemba pano, ndipo funso lawo linali lalifupi koma lolemera. Iwo analemba kuti: "Ndamva kuti chuma cha dziko la America chinagwa mu 1929 chifukwa masheya anali atakwera mtengo mopitirira muyezo, kenaka anthu anagwidwa ndi mantha n'kuyamba kugulitsa onse nthawi imodzi. Kodi kukwera mtengo kwa masheya pamodzi ndi mantha a anthu oikamo ndalama ndi zimene zimagwetsa chuma? Ngati ndi choncho, kodi munthu amene ali ndi masheya aziwagulitsa akangomva kuti akwera kwambiri?"

Bambo, zimene mwamvazo zili ndi choonadi mkati mwake, koma zasiya mbali yaikulu ya nkhaniyi. Maganizo anga ndi akuti masheya (timagawo ta umwini wa kampani) okwera mtengo mopitirira muyezo amasaukitsa eni ake pamene mtengowo watsika, koma paokha sagwetsa chuma cha dziko. Chimene chimasandutsa kugwa kwa msika kukhala tsoka la anthu onse, ngakhale amene sanagulepo sheya ndi imodzi yomwe, ndi ngongole zimene zinatengedwa pa nthawi imene mitengo inali pamwamba, komanso kugwa kwa mabanki amene anapereka ngongolezo. Mantha a ogula masheya alipo ndithu, koma kawirikawiri amabwera m'mbuyo, ndipo ntchito yawo ndi kufalitsa vuto limene linayamba kale pa nthawi imene anthu sankaopa kanthu.

Ndiyambe ndi manthawo, chifukwa mtengo wa sheya uli ndi muyezo wa mantha mkati mwake. Tiyerekeze kuti kampani ina imapereka madola 3 pa sheya iliyonse pachaka, ndipo anthu akuyembekezera kuti ndalama imeneyi izikwera ndi 4 peresenti chaka ndi chaka. Munthu amene akufuna phindu la 7 peresenti pa ndalama zake adzavomera kugula sheyayo pa madola 100, chifukwa madola 3 amene alandire ndi 3 peresenti ya ndalama zake, ndipo 4 peresenti yotsalayo ibwera chifukwa cha kukula kwa kampaniyo. Tsiku lina munthu yemweyo akayamba kuda nkhawa n'kunena kuti sangaike ndalama zake pangozi pokhapokha phindu likhale 9 peresenti, sheya yomweyo sangaigule pa mtengo woposa madola 60. Kampaniyo sinasinthe, fakitale yake ikugwira ntchito monga kale, antchito ndi omwe aja, koma mtengo watsika ndi 40 peresenti chifukwa chakuti mtima wa wogula wasintha pang'ono chabe. Choncho tikamanena kuti masheya akwera mopitirira muyezo, nthawi zambiri tikunena kuti anthu akuvomera phindu lochepa kwambiri poyerekeza ndi chiopsezo chimene asenza, kapena kuti akuyembekezera kukula kumene sikudzachitika.

Mwachibadwa anthu amaopa kutaya chimene ali nacho. Akatswiri a kaganizidwe ka anthu Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anasonyeza mu 1979 kuti ululu wotaya ndalama umaposa chisangalalo chopeza ndalama zofanana nazo, ndipo kafukufuku wawo wotsatira anapeza kuti ululuwo ndi waukulu pafupifupi kawiri. Mu 1985 akatswiri a zachuma Rajnish Mehra ndi Edward Prescott atawerengera zaka za 1889 mpaka 1978, anapeza kuti masheya a ku America anapereka phindu loposa la ngongole zakanthawi kochepa za boma ndi pafupifupi 6 peresenti pachaka. Kusiyana kumeneku ndi malipiro amene anthu amafuna kuti alole kusowa tulo chifukwa cha msika. Chofunika kwambiri pa funso lanu ndi chakuti mantha amenewa sakhala pa mlingo umodzi. Zinthu zikayenda bwino kwa zaka zingapo, anthu amaiwala kuti anatayapo ndalama, obwereketsa amafewetsa malamulo awo, ndipo amene anali wosamala amayamba kuoneka wopusa pakati pa anzake amene akulemera. Katswiri wa zachuma Hyman Minsky anathera moyo wake akufotokoza mfundo imeneyi, yakuti nthawi yabata ndi imene imabala chisokonezo, chifukwa bata likakhalitsa anthu amachoka pa ngongole zimene angathe kubweza ndi phindu la malonda awo n'kufika pa ngongole zimene zingabwezedwe pokhapokha mtengo wa katundu utapitiriza kukwera. Ineyo ndimaona kuti nthawi yoopsa kwambiri ndi imene mantha asoweratu pamsika.

Kudziwa kuti masheya akwera mopitirira muyezo si chinthu chapafupi monga mmene anthu amalankhulira zinthu zitachitika kale. Njira imodzi yodziwika ndi ya Robert Shiller, imene imayerekeza mtengo wa masheya ndi phindu limene makampani apeza pa zaka khumi zapitazo. Pa mbiri yonse ya msika wa ku America muyezo umenewu wakhala pafupifupi pa 16 kapena 17, kutanthauza kuti anthu amalipira madola 16 kapena 17 pa dola imodzi ya phindu la pachaka. Mu Seputembala 1929 unapitirira 30, ndipo mu Disembala 1999 unafika pa 44. Komabe akatswiri sagwirizana onse ngakhale pa nkhani ya 1929 yeniyeniyo. Ellen McGrattan ndi Prescott yemwe uja analemba kuti tikawerengera chuma chonse cha makampani a nthawi imeneyo, kuphatikizapo luso ndi mayina awo a malonda, masheya sanali odula mopitirira muyezo. Ine sindikhutira kwenikweni ndi mfundo yawoyo, koma ikusonyeza kuti chinthu chimene anthu ambiri amachitenga ngati chosakayikitsa chikadali pa mtsutso patapita zaka zoposa 90.

Zimene zinachitika mu 1929 zimadziwika bwino. Muyezo wa Dow Jones, umene umasonyeza mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America, unafika pa 381 pa 3 Seputembala, kenaka unayamba kugwedera. Lachinayi pa 24 Okutobala kunali chipwirikiti, Lolemba pa 28 msika unatsika ndi pafupifupi 13 peresenti, ndipo Lachiwiri pa 29 unatsikanso ndi pafupifupi 12 peresenti, tsiku limene masheya okwana 16 miliyoni anagulitsidwa. Chimene chinachititsa kuti kugwako kukhale kwa liwiro chotero chinali kugula masheya pa ngongole. Munthu amene anali ndi madola 1,000 ankatha kubwereka madola 9,000 kwa wogulitsa masheya n'kugula masheya a madola 10,000, masheyawo n'kukhala chikole cha ngongoleyo. Mtengo ukakwera ndi 10 peresenti, mpamba wake unkawirikiza kawiri, koma ukatsika ndi 10 peresenti yomweyo, mpamba wonse unkatha, ndipo wobwereketsa ankatumiza uthenga wakuti awonjezere ndalama mwamsanga. Akalephera, masheya ake ankagulitsidwa pa mtengo uliwonse umene unalipo, kugulitsako n'kutsitsanso mtengo, ndipo uthenga womwewo unkapita kwa munthu wina amene dzulo lake anali pabwino. Munthu wotereyu sankagulitsa chifukwa cha mantha. Ankagulitsa chifukwa chakuti mwini ndalama wamulanda chikole.

Koma taonani zimene zinatsatira. Msika unatsika mpaka pa 198 pakati pa Novembala, kenaka unayambanso kukwera mpaka kufika pa 294 mu Epulo 1930, ndipo anthu ambiri ankaganiza kuti vuto latha. Kugwa kwenikweni kunabwera pambuyo pake ndipo kunatenga zaka ziwiri, mpaka pa 8 Julayi 1932 pamene Dow Jones inafika pa 41, kutsika kwa 89 peresenti kuchokera pamwamba paja. Dziwaninso kuti ntchito za m'mafakitale zinali zitayamba kale kuchepa m'chilimwe cha 1929, msika usanagwe, banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, itakweza chiwongoladzanja pofuna kuletsa anthu kutchova njuga ndi masheya. Choncho gawo lalikulu la kugwa kwa masheya linatsatira kugwa kwa chuma, silinakutsogolere.

Umboni wina umene umandikhutiritsa ndi wa nthawi zimene msika unagwa koma chuma n'kukhalabe chilili. Pa 19 Okutobala 1987 Dow Jones inatsika ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi lokha, kugwa kwakukulu kuposa tsiku lililonse la mu 1929, koma Federal Reserve, motsogozedwa ndi Alan Greenspan, inalengeza m'mawa mwake kuti ipereka ndalama kwa mabanki monga mmene zingafunikire, ndipo chuma cha America chinapitiriza kukula. Mu Malichi 2000 muyezo wa Nasdaq, umene unadzaza ndi makampani a intaneti, ambiri mwa iwo asanapezepo phindu ndi kamodzi komwe, unapitirira 5,000. Pamenepo panalidi chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Pofika Okutobala 2002 unali utatsika ndi pafupifupi 78 peresenti, komabe kubwerera m'mbuyo kwa chuma mu 2001 kunatenga miyezi 8 yokha, ndipo ulova sunapitirire kwambiri 6 peresenti. Chifukwa chake n'chakuti ndalama zimene zinatayikazo zinali makamaka za eni masheya, osati zobwereka kumabanki. Amene anataya analira, koma mabanki anakhalabe amoyo. Katswiri wa zachuma Paul Samuelson ananenapo mwanthabwala mu 1966 kuti msika wa masheya unalosera nthawi zisanu ndi zinayi za kubwerera m'mbuyo kwa chuma pa nthawi zisanu zimene zinachitikadi.

Nanga chinasiyanitsa zaka za 1930 mpaka 1933 ndi chiyani? Pa zaka zimenezo mabanki pafupifupi 9,000 anagwa ku America. Ambiri anali mabanki aang'ono a kumidzi amene anabwereketsa alimi, koma mu Disembala 1930 inagwanso Bank of United States ya ku New York, imene inkasunga ndalama za anthu mazana a zikwi. Panalibe inshulansi ya boma yoteteza ndalama zosungidwa kubanki, choncho munthu akangomva mphekesera ankathamangira kukakhala pamzere kuti atenge ndalama zake zisanathe, ndipo sanalakwitse, popeza ofika mochedwa ankapezadi zitseko zotseka. Banki imene yaona mzere pa banki inzake inkasiya kubwereketsa n'kuyamba kuitanitsa ngongole zakale. Akatswiri a zachuma Milton Friedman ndi Anna Schwartz anasonyeza mu 1963 kuti ndalama zonse zoyenda m'dzikomo zinachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa 1929 ndi 1933, ndipo anaimba mlandu Federal Reserve chifukwa chongoonerera. Ben Bernanke anawonjezera mu 1983 mfundo yakuti banki ikagwa, chimatayika si ndalama zokha, komanso kudziwana kumene kunalipo pakati pa bankiyo ndi amalonda a m'deralo, moti wamalonda wokhulupirika ankasowa womubwereketsa chifukwa amene ankamudziwa kulibenso.

Ndalama zikachepa mitengo imatsika, ndipo apa ndi pamene ngongole imaluma. Mitengo ya zinthu ku America inatsika ndi pafupifupi 25 peresenti, koma ya mbewu inatsika koposa. Mu 1929 tirigu ankagulitsidwa pafupifupi dola imodzi pa muyezo wawo wotchedwa bushel, ndipo pofika 1932 mtengowo sunkakwana masenti 40. Mlimi amene anali ndi ngongole ya madola 1,000 ankafunika miyezo 1,000 ya tirigu kuti aibweze pa nthawi imene ankabwereka, koma patapita zaka zitatu ankafunika miyezo yoposa 2,500, pamunda womwewo, ndi manja omwewo. Ngongoleyo papepala sinasinthe, koma kulemera kwake kunawirikiza kawiri ndi theka. Mlimiyo akagulitsa ziweto ndi munda kuti abweze, ndipo anzake onse akuchita chimodzimodzi, mitengo inkatsikanso, moti anthu ankayesetsa kubweza koma katundu wa ngongole ankangolemerabe. Amene anafotokoza bwino kayendedwe kameneka mu 1933 anali Irving Fisher wa ku yunivesite ya Yale, ndipo ndibwereranso kwa iye.

Panalinso nkhani ya golide, imene inanyamula vutoli kupita nalo ku mayiko ena. Ndalama za mayiko ambiri zinali zomangiriridwa ku golide, kotero kuti banki yaikulu ikaona golide akutuluka m'dziko inkakweza chiwongoladzanja, ngakhale anthu ake akusowa ntchito. Mu Meyi 1931 banki ya Creditanstalt ya ku Austria inagwa, vuto linalowa ku Germany, ndipo mu Seputembala dziko la Britain linasiya golide. Federal Reserve, pofuna kuteteza golide wake, inakweza chiwongoladzanja kuchokera pa 1.5 kufika pa 3.5 peresenti mu Okutobala 1931, mabanki akugwa tsiku ndi tsiku. Ndikaganizira zonse zimene zinachitika pa zaka zimenezo, chisankho chimenechi ndi chimene chimandivuta kwambiri kumvetsa. Pofika 1933 munthu mmodzi mwa anthu anayi alionse ofuna ntchito ku America anali lova. Mayiko amene anasiya golide msanga anayambanso kuchira msanga, pamene France, imene inakakamira mpaka 1936, inachedwa. America inayamba kuchira mu 1933 Pulezidenti Franklin Roosevelt atatseka mabanki onse kwa masiku angapo mu Malichi, atamasula dola ku golide, komanso boma litakhazikitsa inshulansi ya ndalama zosungidwa kubanki. Msonkho wa Smoot-Hawley wa mu 1930, umene America inaika pa katundu wochokera kunja, unawononga malonda a pakati pa mayiko, koma akatswiri ambiri amauika pambuyo pa zifukwa zimene ndatchulazi.

Sindikunena kuti kugwa kwa msika kunalibe mbali yake. Christina Romer anasonyeza kuti miyezi yotsatira Okutobala 1929 anthu anachepetsa kwambiri kugula zinthu zokhalitsa monga magalimoto, chifukwa sankadziwa ngati adzakhalabe pantchito chaka chotsatira, ndipo ngakhale amene analibe masheya anayamba kuumira. Pamenepa mfundo yanu ya mantha ili ndi malo ake enieni. Katswiri wa zachuma wa ku Britain John Maynard Keynes anafotokoza mu 1936 kuti anthu akakayikira za mawa amakumbatira ndalama zenizeni n'kukana china chilichonse, ngati mmene akuluakulu amanenera kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kwa munthu mmodzi imeneyo ndi nzeru, koma anthu onse akachita zomwezo nthawi imodzi, ndalama zimene wina waleka kugwiritsa ntchito ndi malipiro amene mnzake sanalandire. Zinaonekanso mu Disembala 2008, pamene anthu ankabwereketsa boma la America ndalama kwa kanthawi kochepa popanda chiwongoladzanja chilichonse, bola zisungike. Mantha otere amachokera pa zimene anthu aona ndi maso, banki yotsekedwa ndi mnansi wolandidwa nyumba, ndipo amachepa pamene boma ndi banki yaikulu zasonyeza kuti zimenezo zileka.

Nkhani ya Japan ndi ya 2008 zikutsimikiza mfundo yomweyi. Muyezo wa masheya a ku Japan wotchedwa Nikkei unafika pa 38,915 pa 29 Disembala 1989, ndipo sunafikenso pamenepo mpaka Febuluwale 2024. Chimene chinafooketsa dzikolo kwa zaka zambiri chinali chakuti makampani anabwereka ndalama zochuluka poika malo ngati chikole, ndipo mtengo wa malo utagwa anathera zaka akubweza ngongole m'malo mokulitsa malonda awo, mabanki nawonso atasenza ngongole zosabwezeka zimene ankachita manyazi kuzivomereza. Mu 2007 masheya a ku America sanali odula ngati mu 2000, koma nyumba zinali zodula ndipo zinagulidwa ndi ngongole. Banki ya ku America ya Lehman Brothers itagwa pa 15 Seputembala 2008, mabanki anasiya kukhulupirirana, muyezo wina wa masheya a ku America wotchedwa S&P 500 unatsika ndi pafupifupi 57 peresenti kuchokera mu Okutobala 2007 kufika mu Malichi 2009, ndipo ulova unafika pa 10 peresenti. Sunafike pa 25 peresenti, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti amene ankatsogolera Federal Reserve anali Bernanke yemwe uja, amene mu 2002 anavomera pamaso pa Friedman kuti bankiyo ndi imene inalakwa m'zaka za m'ma 1930 ndipo analonjeza kuti sizidzachitikanso.

Funso lanu lomaliza, lakuti kaya mugulitse, sindingaliyankhe ndi inde kapena ayi, chifukwa yankho lake limadalira msinkhu wanu, nthawi imene mudzafune ndalamazo, ndiponso ngati munagula ndi zanu kapena zobwereka. Mitengo yokwera imatiuza ndithu kuti phindu la zaka khumi zikubwerazo likhoza kukhala lochepa, koma siitiuza tsiku limene msika udzagwe. Pa 5 Disembala 1996 Greenspan anachenjeza kuti mwina anthu atengeka mopanda nzeru pamsika, Dow Jones ili pafupifupi pa 6,400, ndipo amene anagulitsa tsiku limenelo anaonerera muyezowo ukukwera mpaka kupitirira 11,700 mu Januwale 2000. Kumbali inayi, amene anagula pamwamba mu Seputembala 1929 anadikira mpaka Novembala 1954 kuti Dow Jones ibwerere pa 381, ngakhale kuti amene anapirira ankalandira magawo a phindu pa zaka zonsezo. Mukafuna kudziwa ngati kukwera kwa mitengo kuli koopsa ku chuma chonse, funsani kuti ndalama zogulira zikuchokera kuti, ngongole za mabanja ndi makampani zikukula mofulumira bwanji poyerekeza ndi zimene amapeza, ndiponso mabanki ali ndi mpamba wawowawo wochuluka bwanji woti angapirire nawo zotayika.

Fisher uja, amene anatiphunzitsa za ngongole ndi kutsika kwa mitengo, ndi yemweyo amene ananena pakati pa Okutobala 1929, kutatsala masiku ochepa kuti msika ugwe, kuti masheya afika pamalo okwera pamene adzakhazikike mpaka kalekale. Anali atalemera chifukwa cha njira yosungira makadi a muofesi imene anatulukira, ndipo chuma chake anachiika m'masheya, ambiri mwa iwo ogula ndi ndalama zobwereka. Akanakhala kuti anagula ndi zake zokha, akanatha kudikira monga anadikirira ena, koma ngongole inamulanda mwayi umenewo. Anataya chuma chonse, yunivesite ya Yale inagula nyumba yake n'kumamulola kukhalamo polipira lendi, ndipo anamwalira mu 1947 asanamalize kubweza ndalama zimene mlamu wake anamubwereketsa.